Chotera Pabwalo la a Elena

Chifunga cha ku Mphunzi chikatsika madzulo, ngakhale mbuzi yako suiona. M'chifunga chotero a Elena, mayi wamasiye, adamva kulira ngati kwa njuchi pamwamba pa denga. Atasuzumira, adaona timaso tiwiri, kofiira ndi kobiriwira, tikutsika choongoka pa lona yemwe adayanikapo nyemba. Chinthucho chidakhala phee, kenaka chidakwera osathamanga n'komwe, n'kuzimirira.

Mawa lake chidabweranso, ndipo mudzi wonse udamva.

"Ndege yeniyeni imayamba yathamanga," a Zikhalo, mlamu wawo, ankanong'oneza anthu. "Chonyamuka pomwepo ndi lichero la afiti basi. Kodi mkulu wanga adafa bwanji?"

A Elena adachita mantha. Pamudzipo adabwera chitengwa, analibe mbale wowaikira kumbuyo. Akawathamangitsa, munda ndi manda a amuna awo asiya.

Madzulo otsatira a Zikhalo ndi amuna ena a m'mudzimo adabwera ndi zibonga n'kubisala kuseri kwa nkhokwe. A Elena adatuluka, kolona m'manja.

"Ngati n'changa, chindinyamule muone," adatero.

Kulira kuja kudayamba kutali, kukukula, kukukula. Agalu adati zii. Mphepo yozizira idamwaza nyemba bwalo lonse, chinthucho n'kutera pamapazi pawo. Adachikhudza: chidali cha pulasitiki, chonyowa ndi mame.

Pompo tochi idatulukira m'chifunga. Adali a Jenifa, namwino wa kachipatala koyandikana nawo, ali wefuwefu.

"Lona wathu uyu! Kandegeka kamabweretsa mankhwala a ana. Kamatera pomwe kaona chizindikiro chojambulidwa pa lonayu, ndiye popanda wotsegula kamabwerera nawo. Wafika bwanji kuno?"

Funso lake! Lona wobwerekera maliro sabwerera msanga kwawo. Amayamba wayanika chimanga cha uyu, nyemba za uyo, khomo ndi khomo.

"Adadzabwereka ndani kwa mlonda wathu?" adafunsanso a Jenifa, akutulutsa kabokosi m'mimba mwa kandegeko.

Maso onse adatembenukira kwa a Zikhalo, poti ndiwo adakabwereka lonayo nthawi ya maliro. Chibonga chawo chidatsetsereka n'kugwa pansi. Bamboyo adagwada, n'kuyamba kutola nyemba m'fumbi, anzawo n'kutsatira.

"Pepani, alamu," adatero chapansipansi.

A Elena adapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje.

"Tolani zonse, alamu. Imeneyo ndi mbewu, ndipo ndidzadzala pamudzi pompano."