Mzime ndi Makwerero a Nyumba Yatsopano

Mawu akuti nthumwi ambiri amawagwiritsa ntchito molakwika, ngati kuti ndi ulemu wovalira jekete. Ayi. Nthumwi ndi munthu wotumidwa: pakamwa m'pake, koma mawu ndi a anthu amene anamutuma.

Mzime anakulira m'nyumba yabwino. Bambo ake anali telala, mayi ake namwino, ndipo mlongo wake wamkulu, amene ankayendera njinga ya olumala chiyambire ubwana, ndiye anamuphunzitsa kuwerenga. Onse awiri analowa yunivesite imodzi ya boma, mlongoyo akuphunzira zamalamulo. Kumeneko ophunzira anasankha Mzime kuti akhale nthumwi yawo m'khonsolo, bungwe limene limagamula zonse za yunivesite.

Bambo ake anamusokera jekete. Pomuyesa mapewa anati, "Ndakusiyira malo opumira. Usakawadzaze ndi matama."

"Ndipo ukamwe madzi okha," anatero mayi ake. "Mutu wakowo ndimaudziwa, ndinkausambitsa ndine."

Membala wa khonsolo ankaloledwa kulowa m'kalabu ya aphunzitsi pamodzi ndi mlendo mmodzi. Zimenezi ankazidziwa bwino Bigi, amene anali nthumwi Mzime asanasankhidwe, ndipo khosi lake linali lisanaiwale mowa wa kumeneko.

"Aise, nkhani zenizeni za m'khonsolo zimatha m'mawa," anatero Bigi. "Masana amangokamba za mapaipi ndi utoto. Tiye ukamwe kamodzi, mapulofesa aone kuti wakula."

Poyamba Mzime ankabwerera kumsonkhano mochedwa pang'ono. Kenako ankafika nkhani zitapita kutali, akutafuna switi kuti abise fungo. Palibe anamudzudzula, choncho anayesa kuti palibe akuona.

Tsiku lina mlongo wake anamuimitsa pakhonde la laibulale. "Mawa masana mukukambirana za nyumba yatsopano. Akufuna kusamutsira makalasi athu pamwamba, ndipo chikepe mulibe. Ukangowakumbutsa kuti ife tilipo."

"Achemwali, musadandaule. Ndikawagwedeza!"

"Sindikufuna uwagwedeze. Ndikufuna ukakhalepo."

Khonsoloyo inali ndi lamulo lake. Nkhani ikafotokozedwa, wapampando ankafunsa kuti, "Pali wotsutsa?" Pakakhala chete, nkhaniyo inkadutsa, ndipo sinkatsegulidwanso kufikira msonkhano wa chigawo chotsatira cha maphunziro. Masana amenewo wapampando anafunsa, anayang'ana mpando wa ophunzira, anaupeza wopanda munthu. Mzime analowa ena akutseka zikwama.

Sabata yotsatira anapeza mlongo wake pansi pa makwerero, mabuku ali pamiyendo, anzake onse atakwera kale. Mlongoyo sanalire, sanakalipe.

"Ndikauza bambo kuti chaka chino ndipumule," anatero. "Usaope, sindinena kuti unali kuti."

Mawu amenewo anamupweteka Mzime kuposa mbama. Anavula jekete, anaipachika panjinga, n'kugwada patsogolo pake atamufulatira.

"Kwerani, achemwali."

"Undigwetsa, iwe. Miyendo yako ndi ya m'kalabu."

"Lero ndamwa madzi okha."

Anamubereka tsiku limenelo, mawa lake, ndiponso masiku onse a chigawocho, kukwera ndi kutsika, kenako n'kubwerera kukatenga njinga. Mlongoyo ankamuwongolera ali kumsana. "Pang'onopang'ono! Sindine thumba la simenti." Komabe Mzime ankamva mmene mlongo wake ankabisira nkhope paphewa lake akamadutsana ndi anthu, ndipo anadziwa kuti msana sungabweze ulemu umene pakamwa pake panalephera kuteteza.

Bigi anamupeza akupukuta thukuta. "Bwana, mwasanduka bulu? Tiyeni tikaziziritse kukhosi."

"Pita wekha," anayankha Mzime, "ngati angakulowetse."

Pamsonkhano wa chigawo chotsatira Mzime anaimirira. "Wapampando, tsiku lija munafunsa ngati panali wotsutsa. Analipo, koma anali m'kalabu. Kulakwa n'kwanga, koma chilango chagwera ena. Ndikupempha kuti nkhaniyi itsegulidwenso."

Wapampando, mayi waimvi wosakonda kuseka, anavula magalasi. "Ndakhala ndikukuonani pamakwerero, mwana wanga. Mukanalankhula tsiku lija, msana wanu ukanapuma. Pali wotsutsa pempholi?"

Panali chete.

Ana anga, kuthawa ntchito imene anzanu akutumani ndi tchimo, ngakhale simunabe kanthu, ndipo amene amayamba kulipira ndi amene amakukondani. Mzime anapulumuka mwamwayi. Ambiri sapatsidwa msonkhano wachiwiri. Khonsolo inabwezera makalasi a zamalamulo m'zipinda zapansi Lachinayi, pa 14 Malichi 2019.