Galimoto Imene Inadikira pa Mphambano

Tsiku limenelo kunatentha kuyambira m'mamawa, mphepo youma ikuwomba kuchokera kum'mawa, mitambo ikungosonkhana osagwetsa dontho. Unali mwezi wa Okutobala, nthawi imene udzu wa ku Kimberley umayaka ndi kanthu kochepa. Nkhaniyi ndi yoona. Noelene Tarrant ali moyo m'tawuni ya Katherine, ndipo anthu a ulendo wake onse anamva mawu a pa wailesi a tsikulo ndi makutu awo.

Lindsay Prowse ankayenda yekha m'galimoto yake yogonamo, yokhala ndi bedi ndi kakhitchini. Pamalo omwetsera mafuta anakumana ndi Noelene, mayi amene ankatsogolera mdipiti wa magalimoto a alendo m'misewu ya fumbi imeneyo.

“Madala, lowani pakati pathu,” anatero Noelene. “Kumpoto kukufuka utsi.”

“Sindine ng'ombe yoyenda m'khamu.”

“Ng'ombe imafika kumadzi. Nanga inu, ndi mutu woumawo?”

Lindsay anangokoka chipewa. Komabe mayiyo anasuzumira m'galimoto mwake, nkumutsegulira wailesi yolankhulirana apaulendo.

“Lamulo lathu ndi limodzi,” anatero. “Ukafika pa mphambano, suchoka mpaka wam'mbuyo akuone kumene ukukhotera. Ngakhale kugwe chiyani.”

Mdipiti unanyamuka. Lindsay anamwa tiyi wake mosafulumira, nkutsatira masana, fumbi lawo litatha kale.

Dzuwa litapendeka, mphepo inatembenuka. Utsi unatsika pamsewu, dzuwa linasanduka lofiira ngati bala. Mphamba zinkazungulira pamwamba, zikudikira tizilombo tothawa moto. Lindsay anayang'ana m'galasi ndipo anaona kuti kobwerera kulibe. Moto unali utadula msewu m'mbuyo mwake. Kutsogolo njira inagawikana pawiri, chikwangwani chitagwa. Imodzi ikanamufikitsa kumtsinje. Koma sankadziwa kuti ndi iti.

Pamenepo anaona galimoto yoyera, yakale, itaima pansi pa mlambe. Indiketa ya kumanzere inkaphethira.

Wailesi inakhosomola.

“Ndakuonani. Kumanzere.”

Anali mawu a mwamuna, otsika, osathamanga. Galimotoyo inayamba kuyenda, Lindsay pambuyo. Anaona kuti siikudzutsa fumbi. M'galimoto mwake, mawindo ali otseka, munamveka fungo la matope a mumtsinje. Lozizira. Pakati pa moto.

Anafika pa mphambano yachiwiri. Galimoto yoyera inakhotera kumanja, nkulowa mu utsi.

“Wina ali m'mbuyo mwanu,” anatero mawu aja. “Mudikireni.”

Lindsay anagwira cholankhulira. “M'mbuyo muli moto, achimwene. Mulibe munthu.”



Phazi lake linali pa mafuta. Moto unkamveka tsopano, ukuthetheka ngati mvula pamalata. Phulusa lotentha linkagwera pagalasi. Palibe amene akanamudzudzula atapita. Sanali wa gulu la wina aliyense, ndipo sanalonjeze kanthu. Anatukwana chapansipansi, nkuponda buleki. Anayatsa indiketa.

Anadikira. Pulasitiki ya pachitseko inayamba kununkha. Nkhanga zinadutsa zikuthamanga. Maso ankamuwawa.

Kenako nyali ziwiri.

Inali galimoto ya hayala, mbali imodzi utoto utatupa ndi kutentha. Ankayendetsa mayi wina, bambo ake okalamba ali pambali atadziphimba thaulo lonyowa. Analibe wailesi, ndipo anali atayamba kale kukhotera kumanzere. Lindsay anaimba hutala, nkutulutsa mkono. Mayiyo anawongola, namutsatira.

Anafika kumtsinje kukuyamba kuda. Noelene anali atandandalitsa magalimoto ake onse pamchenga, pakati pa khwawa, kutali ndi udzu, ndipo iye mwini anaima m'mbali mwa njira ndi tochi, nkhope ili bii ndi mwaye.

“Madala! Ng'ombe yafika,” anatero. Anamugwira mkono osausiya.

“Mundithokozere munthu wanu,” anatero Lindsay. “Wa galimoto yoyera.”

Noelene anayang'ana Col Brannigan, dalaivala amene ankatsekera mdipiti kumapeto. Col anavula chipewa.

“Womaliza ndinali ine, akulu,” anatero motsitsa. “Sindinadikire. M'mbuyo mwanga munalibe aliyense wa ife.”

“Nanga wolankhula uja ndani?”

“Tamumva tonse,” anatero Noelene. “Ndamuitana, ndamufunsa dzina. Sanandiyankhe. Amalankhula ndi inu nokha.”

Njira yolowera kumtsinjeko inali imodzi. Noelene anali ataima pamenepo nthawi yonseyo, ndipo amalumbira mpaka lero kuti palibe galimoto yoyera inamudutsa. Mayi wa galimoto ya hayala uja, Ingrid Vollmer, anati iye anaona indiketa imodzi yokha mu utsimo, ya Lindsay.

 Col anawotcha soseji, anthu anadya, moto ukudutsa kutsidya.

Kutacha, Noelene anamupemphanso kuti ayende nawo. Lindsay anapukusa mutu. Anabwerera yekha ku mphambano yoyamba ija. Dziko lonse linali lakuda, zitsa zikufukabe. Pansi pa mlambe panatsala udzu wosapsa, malo aakulu ngati galimoto, ndipo panalibe mkwaso wa tayala. Anagwada, nkugwira udzuwo. Unali wonyowa.

Anapukuta dzanja pa buluku, anadzutsa chikwangwani chija nkuchitsamiritsa ku mlambe, kenako anakwera galimoto yake nkulunjika ku Wyndham.