Mchenga M'chitseko cha Kumanzere

Kodi galimoto yozima, makiyi ake ali pamsomali m'nyumba, ingagogode bwanji? Ndinafunsa bambo a mwana, anati ndi zitsulo zikuzizira. Ndinafunsa alamu anga, amene amadziwa zonse pansi pa thambo kupatula kumene kukupezeka ntchito, anati ndi makoswe. Aneba anangoseka. Palibe amene anandiyankha zomveka, ndiye ndikuuzani zimene ndinaona ndi maso angawa.

Galimotoyo inabwera Lachisanu madzulo, ine ndikuanula matewera. Ndinamva chiphokoso kumsewu ngati chigayo chatsamwa. Kenako kagalimoto kofiira, kotsika mpaka mimba kukhula pansi, kanalowa pageti. Bambo a mwana anatulukamo chokwawa, mano onse pamtunda.

"Mayi a mwana, taonani chilombochi! Ndi ya mpikisano iyi. Pa nthawi yake panalibe yoipitirira."

"Nthawi yakeyo inali liti? Ine ndisanabadwe?"

Ndinasuzumiramo. Mipando iwiri. Ife tilipo atatu: iwowo, ine, ndi mwana wathu wa miyezi khumi amene timamutcha Kachiwala chifukwa sakhazikika. Munthu wakhala zaka zitatu akulonjeza galimoto ya banja, lero wabwera ndi nsapato ya matayala.

"Kachiwala muzimufukata," anatero, akupukuta boneti ndi mkono wa shati imene ndinasita m'mawa.

Chikomekome cha nkhuyu. Sabata yoyamba yomweyo nyerere zinayamba kutuluka. Utsi wabuluu kumbuyo. Oyilo kudontha pomwe Kachiwala amakwawira. Nyali imodzi kumatsinzina ngati yatopa ndi moyo. Madzulo alionse bambo a mwana ankagona chagada kunsi kwake, foni pachifuwa, akuonera azibambo ena akukonza magalimoto ena. Ankatulukako ndi mawu akuluakulu ndi manja akuda, kagalimoto kali chimodzimodzi.

Chitseko cha kumanzere, mbali yokhala wokwera, sichinkatseguka ukakhala mkati. Chogwirira chake ukachikoka chinkangobwera, osagwira kanthu.

"Kanthu kakang'ono ako," anatero. "Ndizikutsegulirani ndekha ngati mkwatibwi."

Kenako kunabwera kugogoda. Go, go, go. Zii. Go, go, go. Poyamba kunkamveka akamayenda. Anati ndi mashoko, anasintha mashoko. Anati ndi ekizozi, anaimanga ndi waya. Anasintha mapulagi, ngakhale ine wa Folomu 4 chabe ndikudziwa kuti mapulagi sagogoda. Kugogoda kunalipobe.

Tsiku lina cha m'ma 2 koloko usiku ndikuyamwitsa, ndinakumva pawindo la kuchipinda. Ndinatsegula katani pang'ono. Kagalimoto kali ndwii pabwalo, nyali zozima. Makiyi ndinkawaona pamsomali. Go, go, go. Sikunali kulira kwa chitsulo. Chitsulo sichidikira kuti chiyankhidwe.

Ndinaumirira mpaka anaitana makaniko. Ndi bambo wachikulire amene anthu amangoti a Khutu, chifukwa sayamba ndi kumasula zinthu. Ali ndi sikuludiraiva yaitali ngati mkono wanga. Nsonga amagunditsa pachitsulo, chogwirira n'kuika pakhutu, n'kutsinzina.

Loweruka m'mawa bambo a mwana analiza injini. A Khutu anamvetsera pamwamba, anamvetsera m'mbali, anamvetsera pa pampu ya madzi.

"Injiniyi yakalamba, koma siikunama," anatero. "Matenda sali muno."

"Ndi mabeyaring'i amenewo, mdala," anatero bambo a mwana. "Ine ndinaona kale."

"Mukanaona kale simukanandiitana, bwana."

Anayenda ndi sikuludiraiva yawo pang'onopang'ono, kuchokera kutsogolo, kudutsa pa tayala, mpaka pachitseko cha kumanzere. Pamenepo anaima.

"Tazimitsani."

Injini inazima. A Khutu sanachotse khutu. Anamvetsera nthawi yaitali, mpaka Kachiwala kumsana kwanga anasiya kusewera. A Khutu atatsegula maso sanayang'ane aliyense. Anamasula chikuto chamkati cha chitsekocho. Mchenga unakhuthukira pa nsapato zawo, wosalala, wonyowa. Mvula inali isanagwe kwa miyezi iwiri.

Anakanda penti pakona ndi nsonga ya sikuludiraiva. Pansi pa kufiira panali poyera.

"Chitsekochi si cha galimotoyi. Amene anakugulitsani anachitola kwa ophwasula magalimoto angozi." Anatulutsa kachitsulo kolumikiza chogwirira ndi loko, n'kutionetsa. "Aka kamakhala kopindika ngati mbedza. Onani kawongoka. Si dzimbiri ili. Kanachita kukokedwa. Ndipo amene ankakoka apa sankasewera."

"Ndiye tikapindenso basi," anatero bambo a mwana.

"Chotsani chitseko chonse, bwana."

Bambo a mwana anaseka. "Mtundu uwu chitseko chake muchipeza kuti? Kapena muli nacho chanu mukufuna mundisasire?"

A Khutu analongedza zida zawo, anasamba m'manja pampope nthawi yaitali kuposa mmene oyilo amafunira. Podutsa pamene ndinaima ananena motsitsa mawu: "Mayi, mwanayo asakwere mbali imeneyo."

Ndinalumbira mumtima kuti sadzakwera. Bambo a mwana anabwezeretsa chikuto chija akuimba mluzu. Kachitsulo kaja anakapinda ndi pulayazi, kanathyoka, anakaponya m'thumba.

Lachitatu usiku Kachiwala anatentha thupi. Ndinamupukuta ndi nsalu yonyowa, ndinamumwetsa mankhwala, osatsika. Pofika 1 koloko anali ngati simbi. Anasiya kulira, maso akutembenuka. Galimoto ya aneba inali pa ulendo. Wa takisi sankayankha foni. Chipatala chili kutsidya kwa mtsinje.

"Tiyeni," anatero bambo a mwana, makiyi ali kale m'manja. Ndipo ndinaona, Mulungu andikhululukire, kuti pansi pa manthawo munali kachimwemwe. Tsiku loti chilombo chawo chioneke ntchito linali litakwana.

Ndinaima pakhomo, mwana ali lefu m'manja mwanga. Ndikanatani? Ndinamufunditsa shawelo n'kulowa. Mpando unali wozizira. Ananditsekera chitseko.

Msewu unali wopanda munthu. Tinadutsa masitolo otseka, tinadutsa sukulu. Kugogoda kunalibe. Ndinayamba kuganiza kuti mwina a Khutu akalambadi. Tinatsetsereka kulowa pamlatho. Pakati penipeni injini inatsokomola kawiri, n'kuzima.

"Pampu ya petulo iyi. Ndinadziwa ine."

"Nditsegulireni kaye."

"Mphindi imodzi yokha."

Anatuluka, anakweza boneti. Boneti inanditchinga, sindinkawaonanso, koma kuwala kwa tochi ya foni m'mphepete. Pansi pathu madzi ankayenda mwakachetechete.

Go, go, go.

Pachigongono panga penipeni. Ndinakumva m'fupa.

Ndinakoka chogwirira. Chinangobwera. Ndinayesa kupukusa galasi kuti litsike, osasuntha. Kenako ndinamva kuzizira kumapazi. Madzi. Anali atafika m'zidendene, akununkha matope. Anakwera mpaka mu akakolo.

"Bambo a mwana! Tsegulani!"

"Si pampu ayi," anayankha kuseri kwa boneti. "Dikirani, ndikuona ngati ndi fyuzi."

Galasi la mbali yanga linachita nthunzi, ngati munthu akupumirapo. Sindinali ine. Ine mpweya ndinali nditaugwira. Pa nthunzipo panaoneka dzanja, zala zisanu zotambasuka, mkati muno, pafupi ndi tsaya langa. Linatsetsereka pansi n'kusiya mizere. Linaonekanso pamwamba.

Chogwirira chija chinayamba kudzikoka chokha. Chikoke, chibwerere. Chikoke, chibwerere. Mofulumira, mofulumira.

Madzi anafika m'mawondo.

Kachiwala, amene kuyambira kunyumba sanatukule mutu, anatsegula maso. Sanayang'ane ine. Anayang'ana pakati pa phewa langa ndi chitseko, pamene palibe malo okwana ngakhale mphaka. Anatambasula kadzanja kake, monga amachitira akafuna kunyamulidwa.

Ndinamva shawelo ikukokedwa. Pang'onopang'ono, mwaulemu, ngati mmene mayi mnzako amachitira akamati tabwera naye ndimugwireko.

Mawu amene ndinatchula bambo a mwana pamenepo sindingawabwereze pagulu. Pa zonse zimene ndimawadandaula, usiku umenewo kusasamala kwawo kunatipulumutsa: chitseko chawo anali atachisiya chosatseka. Ndinamusolola mwana mu shawelo, ndinakwawa pamwamba pa giya, ndinagunda chiwongolero ndi nthiti, n'kugwera pamsewu ndi mawondo. Shawelo inatsala. Nsapato zinatsala. Ndinathamanga.

"Mukupita kuti? Ndaipeza!"

Sindinacheuke.

Kuchipatala anati ndi matenda a m'khutu, anamubaya jakisoni. Bambo a mwana anafika patapita theka la ola ali wefuwefu. Anachedwa chifukwa ankakhoma zitseko zonse ndi kiyi, kuopa akuba. Akuba ake ati? Namwino anandiyang'ana kuyambira kumapazi.

"Amayi, mwawoloka mtsinje wapansi? Mlatho ulipotu."

Siketi yanga inali yonyowa mpaka m'mawondo, matope ali m'zala.

Kutacha thupi la Kachiwala linazizira, anayamwa. Tinabwerera wapansi. Kagalimoto kanali pomwe kanazimira. Chitseko cha dalaivala chinali chokhoma. Cha kumanzere chinali chotsegula mpaka kumapeto, chaloza kumtsinje. Mkati mouma, ngakhale dontho. Nsapato zanga zinali pansi, zoyalidwa bwinobwino. Shawelo munalibe.

"Loko yamasuka ndi kuzizira," anatero bambo a mwana. Anapotoza kiyi, injini inalira kamodzi n'kamodzi. Anandiyang'ana monyadira. "Mwaona? Inali fyuzi."

Ine ndi mwana tinakwera basi.

Nkhani itamveka, aneba aja anasiya kuseka. Mayi a kuseri kwa mpanda anandinong'oneza kuti zaka zapitazo galimoto yoyera inagwera pamlatho womwewo nthawi ya mvula. Woyendetsa anatulukira mbali yake, n'kusambira. Mkazi amene anali kumanzere sanatuluke. Ena amati ankachokera kuphwando. Ena amati ankathamangira kuchipatala, ndipo sanali yekha pampandopo. Sindikudziwa. Sindinafunsenso.

Ndinawauza bambo a mwana kuti asankhe, chitseko kapena ife. Anaganiza kaye, ndikunenetsa, anaganiza. A Khutu anakana kuchigwiranso, ndiye anachimasula okha ndi alamu anga. Ndinati achikumbire dzenje kapena achiphwanye ndi hamala. Anavomera ndi mutu. Patapita masiku atatu ndinamva kwa alamu kuti anakachisiya kwa ogulitsa masipeya. Akuti chitsulo chabwinobwino sungachikwirire ngati maliro. Nditapita kukafunsa, anandiuza kuti chinapita tsiku lomwelo, ndipo wogulayo sakumukumbukira.

Lero kagalimoto kofiira kali ndi chitseko chabuluu. Sikagogodanso. Bambo a mwana amauza anzawo kuti vuto analipeza okha. Kachiwala akuyenda tsopano, koma tikamadutsa pamlatho pa basi amakweza manja kuloza pawindo, ine n'kumutembenuza nkhope.

Chitseko chija chili pagalimoto ya munthu wina. Mwina anachipakanso penti. Ndiye ndikupempheni chinthu chimodzi. Akunyumba kwanu akabwera ndi galimoto yakale, mano ali pamtunda, musatsutsane nawo za injini, simungapambane. Lowani nokha kumanzere masana dzuwa likuwala, tsekani, ndipo yesani kutsegula muli mkati. Chogwirira chikangobwera osagwira kanthu, musakwezemo mwana.