Malemu Gervazio Alankhula pa Fesibuku

Madzulo aliwonse, akatseka kanyumba kake kogayira chiponde kuseri kwa msika wa Katete, Ottilia Miti ankakhala pa thumba la mtedza n'kutsegula foni kuti aone zimene anthu akunena za katundu wake. Pa Fesibuku panali gulu lalikulu la anthu a ku Katete, Sinda ndi Vubwi, mmene ankagulitsana nkhuku, kulengeza maliro ndi kunenana. Wina akadandaula kuti chiponde chachepa mchere kapena botolo silinatsekeke bwino, Ottilia ankamuyankha tsiku lomwelo. N'chifukwa chake Chiponde cha Gervazio chinali m'mashopu mpaka kumalire a Mozambique, ngakhale mwini dzinalo, mwamuna wake, anali atamwalira dzinja lapitalo n'kumusiya ndi mwana wawo Hope.

Tsiku lina magetsi atangozima, mdima ukulowa, anaona chinthu chimene chinamuumitsa zala. Tsamba la malemu Gervazio, lomwe linali zii chiikireni maliro, linali litaika kanema pagulupo. Kanemayo anali wakuda bii, wopanda chithunzi, mawu okhaokha.

"Musagule chiponde chimenecho," anatero mawuwo, otsika, osasa pang'ono, okoka mapeto ngati mmene Gervazio ankalankhulira. "Ine sindinagone. Amake Hope akundigwiritsa ntchito. Ndatopa."

Ottilia anawamvetseranso mumdimamo, foni ili pakhutu. Chimene chinamupweteka kwambiri n'chakuti mtima wake unayamba wasangalala kumvanso mawuwo, mantha n'kubwera pambuyo. Kenaka anakumbukira kuti foni ya malemu inasowa m'chipwirikiti cha maliro, ndipo iye analibe mphamvu zoifunafuna.

Pofika m'mawa ndemanga zinali mbwee pansi pa kanemayo. "Tinkadabwa ife, mkazi yekha kutukuka chonchi." Ena ankati Gervazio anasandutsidwa ndondocha, munthu wophedwa m'matsenga kuti azigwira ntchito mwini wake akugona. Wina wa ku Vubwi analumbira kuti mwana wake anatupa mimba atadya chipondecho. Wina anati kufiira kwake si kwa mtedza.

Rhoda, mnzake wa Ottilia amene anali ndi shopu ku Sinda, anaimba foni akunong'ona.

"Amake Hope, mabotolo ndawachotsa pashelefu. Anthu akumalavula akamadutsa pakhomo. Uzani adimini oyang'anira gululo afufute zimenezi, inu mukhale chete mpaka mphepo idutse."

"Akafufuta, anena kuti ndawagula adimini," anayankha Ottilia. "Ndikakhala chete, anena kuti ndavomera. Ndiyankha."

Analembadi: "Amuna anga anamwalira m'chipatala ndi matenda a shuga, abale awo ali pomwepo. Amene wagwira foni yawo abwere aonekere masana." Aliyense womunyoza anamuyankha pomutchula dzina, mopanda kutukwana. Wa ku Vubwi uja anamufunsa dzina la mwanayo ndi chipatala chimene anapita naye. Munthuyo sanayankhenso.

Koma madzulo otsatira, magetsi atazima monga mwa masiku onse, kunamveka kulira kwa makina. Ottilia anali m'nyumba mwake, pafupi ndi kanyumbako, akupakulira mwana wake Hope chakudya. Phokosolo linayamba pansipansi ngati njuchi zili m'mphako, kenaka linakula, likunjenjemera, likudukiza pamalo pomwe makina ake ankadukiza mtedza ukachuluka. Agalu a m'dera lonselo anasiya kuuwa. Hope anagwetsa mbale.

"Amama, magetsi kulibe," ananong'ona.

Ottilia anatenga tochi n'kutuluka. Udzu unali wozizira kumapazi, ndipo m'mawindo a anansi munkaoneka nkhope zikusuzumira. Atangotsala pang'ono kufika pachitseko, phokoso lija linaduka. Loko anali wotseka. Anatsegula, naika dzanja pa makina. Anali ozizira ngati mwala wa kumtsinje.

Zinapitirira choncho masiku angapo. Mdima ukagwa makina ankalira, Ottilia akayandikira ankasiya, ndipo m'mawa pagulu pankapezeka kanema wina wakuda, mawu a malemu akubuula. Miyala inayamba kugwa padenga. Hope anabwera kuchokera kusukulu maso atatupa, anzake atakana kukhala naye pa desiki. Ndiyeno pagulu paja wina analemba kuti, "Tikachiotche chinyumbacho, munthuyo apume," ndipo amene anavomereza anali ambiri.

Masana ake kunabwera Osward, mng'ono wa malemu, wochokera kumudzi ku Mkaika. Anakhala pampando chipewa chili pabondo, nkhope yachisoni.

"Mlamu, dzina la akulu anga likunyozeka. Makinawa tiwanyamule tipite nawo kumudzi, mzimu wawo uzizire. Inu mupumeko."

"Alamu, makinawa tinagula awiri, ine ndi akulu anu. Sachoka, ndipo ine sindichoka."

"Akakuotcherani m'katimo, musadzati abale sananene."

"Ndamva. Muyende bwino."

Osward atapita, Ottilia analemba pagulu kuti madzulo omwewo aonekera pa kanema wa pompopompo ali m'kanyumbamo, magetsi atazima, kuti aliyense adzionere yekha. Anaimbira Rhoda kuti abwere adzagwire foni.

"Mwapenga kodi?" anatero Rhoda. Koma dzuwa likupendeka anatsika minibasi, akupemphera chapansipansi.

Magetsi anazima anthu akuweruka kumsika. M'kanyumbamo munkanunkha mtedza wokazinga, ndipo kuwala kwa tochi kunkautsa zithunzithunzi zazitali kuseri kwa matumba. Panja, chapatali pansi pa mitengo, panali gulu la anthu litaima chete, nkhope zikuwala ndi mafoni. Ena anali ndi miyala. Mmodzi ananyamula chigubu cha petulo.

Ottilia anayang'ana foni yake imene Rhoda anagwira. Anaonetsa makina, anamasula matumba, anakanda chiponde ndi chala n'kudya.

"Ndine Ottilia, amake Hope. Mwanditchula mfiti muli kuseri kwa mafoni anu. Lero ndili pano. Abambo a Hope, ngati ndinudi, bwerani mundinene pamaso pa anthu. Ine sindinakuopeni muli moyo, sindingakuopeni lero."

Kenaka phokoso lija linayamba, pafupi kwambiri kuposa masiku onse, ngati likutuluka m'khoma. Makina anali chiimire pamaso pawo, osagwedezeka. Panja mkazi wina anakuwa.

"Amake Hope," ananong'ona Rhoda, "alemba. Tsamba la malemu lalemba."

"Werengani."

"Akuti, ‘Ndili kumbuyo kwako.’"

Tsitsi la Ottilia linaima, ndipo pamsana pake panayenda kamphepo kozizira. Sanatembenuke. Masiku onsewa ankaimba nambala ya malemu n'kuipeza yozima, koma munthu amene akulemba ndemanga foni yake imakhala yoyaka. Anasolola foni ya Rhoda m'thumba la juzi ya mnzakeyo, nalemba nambala ija, imene ankaidziwa pamtima.

Phokoso la makina linaduka pakati. M'malo mwake, kuseri kwa khoma, kunalira foni.

Panamveka mapazi akuthawa, malata akugwa, kenaka munthu akubuula atakodwa mu waya wa mpanda. Anthu aja, omwe anabwera kudzaotcha, anathamangira komweko ndi matochi. Anamukoka n'kubwera naye pakhomo pa kanyumbako, malaya atang'ambika, mwendo ukutuluka magazi. Anali Osward. M'dzanja anali ndi foni ya malemu, ndipo m'jekete munagwa kasipika kamene ankakulitsira phokoso la makina lojambulidwa kale.

"Aphedwe!" wina anakuwa, ndipo miyala inakwera m'mwamba.

"Musamukhudze!" Ottilia anaima pakati pawo. "Dzulo mumafuna kuotcha ine, lero mukufuna magazi a uyu? Ndikumufuna pakamwa pake pali bwinobwino. Rhoda, muunikeni. A ku Sinda ndi a ku Vubwi amuone."

Osward anabisa nkhope. "Mlamu, tikambirane kunyumba. Ndi za pabanja izi."

"Munazitengera nokha pagulu, zithera pagulu. Lankhulani ngati akulu anu."

"Mlamu, chonde."

"Mwana wanga walira chifukwa cha mawu amenewo. Lankhulani."

Osward anayang'ana miyala ija, nayang'ana chigubu cha petulo. Anaweramitsa mutu, ndipo m'kamwa mwake munatuluka mawu a munthu amene onsewo anamuperekeza kumanda.

"Amake Hope, ndikhululukireni."

Anthu anabwerera m'mbuyo. Wina anagwetsa mwala, mayi wina anadzilemba chizindikiro cha mtanda. Ngakhale ankamuona Osward ndi maso awo, panalibe amene anafuna kuima pafupi naye. Misozi ya Ottilia inatsika, koma sanaipukute. Anatenga foni m'manja mwa Rhoda n'kuiloza kunkhope kwake.

"Mwamumva mzukwa wanu. Wavala nsapato, ndipo agona kupolisi. Amuna anga asiyeni agone. Amene munalemba kuti ndine mfiti, mayina anu ali pomwepo, sindifufuta ndi limodzi lomwe. Mawa magetsi akayaka, ndigaya."