Katsabola Akufuna Kuona Malinga

Uyu ndi Katsabola.

Ndi kamtsikana kakafupi. Koma akakwiya, nyumba yonse imadziwa. N'chifukwa chake amamutchula Katsabola.

Katsabola ankafuna chinthu chimodzi. Ankafuna kuona mzinda wakale.

Mzindawo uli ndi malinga. Malinga ndi makoma aakuluakulu amiyala. Kale asilikali ankabisala m'menemo. Mzindawo ulinso ndi nyumba zachifumu.

Anzake onse a m'kalasi anapitako. Iye yekha ndiye anali asanapite.

"Amayi, tipita liti?" ankafunsa m'mawa.

"Amayi, tipita liti?" ankafunsa madzulo.

Amayi ake amagulitsa ndowa ndi mabeseni pamsika. Alibe nthawi yocheza.

"Ukufuna kukaona miyala?" anatero Amayi. "Miyala ili kuseri kwa nyumba. Kaione."

Katsabola anafufumitsa masaya.

"Imeneyo si malinga!"

Anafunsanso. Anafunsanso. Anafunsanso.

"Basi! Makutu anga atopa!" anakuwa Amayi. "Tipita Loweruka. Koma tsiku limodzi. Ndowa sizidzigulitsa zokha."

Madzulo onse anakhala patebulo. Abambo anali atangoweruka. Iwo amakonza njinga. Manja awo anali bii ndi mafuta.

"Ine ndikufuna kukaona mizinga," anatero Abambo.

"Ine ndikufuna kukakwera pamwamba pa linga," anatero Katsabola.

"Ine ndikufuna kubwerako dzuwa lisanalowe," anatero Amayi.

Amayi anamenya patebulo.

"Tamverani nonse. Tiyamba ndi linga, kusanatenthe. Masana tidya mkate wathu pamthunzi. Kenako nyumba yachifumu. Kenako kwathu. Wochedwa timusiya."

"Nanga ndikachedwa ine?" anafunsa Abambo.

"Makamaka inuyo," anayankha Amayi.

Panatsala chinthu chimodzi. Panatsala malo m'minibasi.

Minibasi yopita kumzinda wakale inali imodzi yokha. Malo ankagwiriratu Lachisanu.

Lachisanu Amayi ndi Katsabola anapita kudepoti.

"Tamvera, mwana iwe," anatero Amayi panjira. "Kugula kuli ndi malamulo. Mtengo woyamba umaukana. Kenako umanyoza katunduyo. Kenako umachoka. Umayenda pang'onopang'ono. Sutembenuka. Wogulitsa amakuitana yekha."

"Akapanda kukuitana?"

"Amaitana. Onse amaitana."

Anapeza dalaivala akupukuta minibasi yake. Ankaipukuta ndi kansalu kofewa. Anapukuta chitseko. Anapukuta magalasi. Anapukuta ngakhale matayala.

"Adalaivala, tikufuna malo atatu," anatero Amayi.

Dalaivala anatchula mtengo.

"Aa! Ndati tikufuna malo," anatero Amayi. "Sindinati tikugula galimoto."

"Mtengo ndi womwewo, mayi."

Amayi anayang'ana minibasi. Anaiyang'ana kutsogolo. Anaiyang'ana kumbuyo. Anakwinya mphuno.

"Imeneyi ndi galimoto? Ili ndi khola la nkhuku ili!"

Dalaivala anasiya kupukuta. Anatembenukira kumbali.

"Tiye, Katsabola," anatero Amayi.

Ananyamuka. Anayenda pang'onopang'ono.

"Atiitana," ananong'ona Amayi. "Usatembenuke."

Anadutsa kwa wosoka nsapato. Kunali zii.

"Amayi, sakutiitanatu."

"Atiitana. Usatembenuke."

Anadutsa kwa wometa tsitsi. Kunali zii.

"Amayi, sakutiitanatu!"

"Iwe! Ndati usatembenuke!"

Koma Katsabola anatembenuka.

Anaona anthu ambiri paminibasi. Anali amayi, abambo ndi ana. Onse ankagwira malo. Dalaivala ankagwedeza mutu mosangalala.

"Amayi! Malo akutha!"

"Akutiopseza chabe. Yenda."

Anayenda. Anayenda. Anafika kunyumba. Palibe anawaitana.

Katsabola anakwiya. Anakwiya kwambiri. Makutu anatentha. Masaya anatentha. Ngakhale zala za kumapazi zinatentha.

"Mwapeza malo?" anafunsa Abambo.

"Dalaivala uja sadziwa malonda," anatero Amayi.

Abambo anayamba kuseka. Amayi anawayang'ana. Kuseka kunasanduka chifuwa.

"Amayi, tiyeni tibwerere," anatero Katsabola.

"Ine? Kubwerera? Chibadwire sindinabwererepo."

"Munalonjeza!"

"Malinga alibe miyendo. Sathawa. Tidzapita tsiku lina."

"Tsiku lina silifika!"

"Usandikwezere mawu, iwe. Ndine mnzako ine?"

Katsabola anaimirira. Anavala nsapato. Anamanga zingwe zolimba. Anatuluka pakhomo.

Anayenda pang'onopang'ono.

"Ukupita kuti?" anafunsa Amayi.

Katsabola sanatembenuke.

"Iwe, Katsabola! Bwera kuno!"

Katsabola sanatembenuke.

Amayi anavala nsapato imodzi yawo. Inayo inali ya Abambo. Anathamangira panja.

"Bwera! Ndikugulira switi!"

Katsabola sanatembenuke.

"Switi ndi bisiketi!"

Katsabola sanatembenuke.

Anadutsa kwa wometa tsitsi. Amayi ali pambuyo.

"Tipita mwezi wamawa! Ndalumbira!"

Anadutsa kwa wosoka nsapato. Amayi ali pambuyo.

"Mayi, nsapato zanu zasiyanatu," anatero wosoka nsapato.

"Sokani zanu!" anakuwa Amayi.

Katsabola anafika padepoti. Anaima pamaso pa dalaivala. Anagwira m'chiuno.

"Adalaivala, bwanji simunatiitane?"

Dalaivala anamuyang'ana. Anayang'ananso Amayi. Amayi anali wefuwefu.

"Mwanawe," anatero dalaivala, "mtengo timakambirana. Koma galimoto yanga sanyoza. Ndimaisambitsa ndisanasambe ine. Ndiye wina azinena kuti khola?"

"Malo alipo?" anafunsa Katsabola.

"Atsala awiri. Kumbuyo kwenikweni."

"Tipatseni."

"Ayi. Khola la nkhuku silinyamula anthu."

Katsabola anatembenukira kwa Amayi. Maso ake anali psuu.

"Amayi, nenani pepani."

"Ine?"

"Inu. Ine ndikanyoza munthu mumati ndinene pepani."

"Iwe ndi mwana."

"Ndiye kwa akulu n'kosavuta."

Amayi anayang'ana kumwamba. Anayang'ana pansi. Anayang'ana nsapato zawo zosiyana.

"Chabwino," anatero. "Ndi khola labwino."

Dalaivala anatola kansalu kake. Anayambanso kupukuta.

"Amayi!"

"Ndi khola loyera bwino."

Dalaivala anapitiriza kupukuta.

Pamenepo panafika bambo wina ndi mkazi wake.

"Adalaivala, malo awiri alipo?" anafunsa bamboyo.

Katsabola anagwira dzanja la Amayi. Analifinya. Sanakuwenso. Msozi umodzi unatsika patsaya.

Amayi anauona msoziwo.

"Pepani," anatero Amayi. Mawu anali aang'ono ngati a udzudzu.

"Injini inandiwononga makutu," anatero dalaivala. "Mwati chiyani?"

Amayi anakoka mpweya.

"NDATI PEPANI!"

Wosoka nsapato anamva. Wometa tsitsi anamva. Nkhunda zonse padenga zinauluka.

"Si khola," anatero Amayi. "Ndi galimoto. Galimoto yeniyeni. Mwamva tsopano?"

Dalaivala anaseka mpaka kugwira chitseko.

"Ndamva, mayi. Malo ndi anu."

Anatembenukira kwa bambo uja ndi mkazi wake.

"Pepani, akulu. Mubwere sabata yamawa. Ndikusungirani kutsogolo."

"Koma ife tilipo atatu," anatero Katsabola.

"Iwe ukhala pamiyendo panga," anatero Amayi. Kenako analoza dalaivala. "Ndipo wa pamiyendo salipira."

"Mayi inu simutopa?" anafunsa dalaivala.

"Salipira."

"Chabwino, salipira. Mwana ameneyu ndikumuopa."

Loweruka anadzuka m'mamawa. Abambo anatenga botolo la madzi. Amayi anatenga mkate. Katsabola anatenga chipewa.

Anakhala kumbuyo kwenikweni. Minibasi inkadumpha. Katsabola ankadumpha nayo.

"Khala bwino! Mafupa ako akundibaya," anatero Amayi.

"Ndi msewu, Amayi."

"Ndiye uuze msewuwo."

Anayenda ulendo wautali. Kenako minibasi inakhota paphiri.

"Taonani!" anakuwa Katsabola.

Linga linali pomwepo. Linali lalitali. Linali lalikulu kuposa msika wonse. Pamwamba pake panali mizinga. Kuseri kwake kunkaoneka denga la nyumba yachifumu.

Anatsika. Anaima pachipata.

Abambo anavula chipewa chawo.

Amayi anayang'ana m'mwamba. Anayang'anabe m'mwamba. Pakamwa panali yasaa.

"Amayi, mwakhala chete," anatero Katsabola.

"Mayo ine," anatero Amayi. "Anasenza miyala yonseyi ndani? Koma anamulipira bwino?"

Abambo anaseka. Ulendo uno Amayi sanawayang'ane. Anaseka nawo.

Katsabola anagwira Amayi kudzanja ili. Anagwira Abambo kudzanja ilo.

"Ndikwera mpaka pamwamba," anatero.

"Usathamange," anatero Amayi. "Ndikwera nawe."

Ndipo onse atatu analowa m'linga.