Mtanda Wodyedwa ndi Chiswe

“Ndakuuzani kangati, bambo, kuti mtandawu watha ndi chiswe?”

“Mawa, mayi. Ndiuona mawa.”

“Mawa lanulo lamera ndevu.”

Make Dudu, pomva mkangano wa banja la kuseri kwa khoma, anaseka chamumtima uku akuyala kama. Khoma linali lopyapyala, moti ngakhale munthu akameza malovu kuseriko unkamva. Iye anali atangofika madzulo omwewo m’nyumba imene mwamuna wake, mlonda wa usiku, anagula. Inali mbali imodzi ya nyumba yogawa pakati, yopakidwa penti watsopano mpaka kudenga. Mwamunayo anangotula katundu n’kuthamangira kuntchito.

Mayiyo anagoneka Dudu, khanda lake la miyezi isanu, pakama n’kuzimitsa nyali. Kuseriko mkangano sunathe.

“Gogodani ndi supuni mumve,” anatero mkaziyo. “Mtengo wamoyo umayankha. Uwu ndi chikungwa chabe.”

“Ndiwe kalipentala tsopano?”

Dudu anayetsemula. Mayi ake anamugwira kumaso ndipo anamva ngati ufa. Anayatsa tochi. Pamphumi pa mwana, pabulangete, paliponse panali kafumbi kofiirira. Analoza tochi kudenga. Mtanda unadutsa pamwamba penipeni pa kama n’kulowa m’khoma, kupita kwa anthu aja. Penti wake anali atatupa m’mizere, ngati mitsempha ya padzanja la nkhalamba.

Anamvetsera. M’kati mwa mtengowo munkamveka kaphokoso kosalekeza, ngati mvula yowaza pamalata. Panja kunalibe mvula.

Kenako mawu a mkazi uja anamvekera pafupi kwambiri, ngati waika pakamwa pakhoma.

“Ngati inu simumva, mwina amva mnzanga wa khandayu.”

Make Dudu anali asanaonane ndi munthu chifikireni, ndipo mwanayo anali asanalire n’kamodzi komwe. Komabe anatenga supuni, nakwera pampando n’kugogoda. Supuni inalowa mumtanda ngati mubuledi. Chiswe chinakhuthukira pamkono pake.

Sanafunenso nsapato. Anabereka mwana n’kutuluka, kuzungulira kuseri kuti akapemphe pogona kwa anthuwo.

Pachitseko chawo panali loko wadzimbiri. Dothi la chiswe linali litamata felemu yonse, osasweka pena paliponse. Anasuzumira pamng’alu ndipo anaona nyenyezi. Chipindacho chinalibe denga.

Ali chiimire, kwake kunamveka chiphokoso. Mtanda unathyoka, malata n’kugwera pakama paja.

Mayi wogulitsa makala, wa nyumba yoyandikana, anabwera akumanga chitenje. Anaunika mwana, kenako chitseko chija, n’kutsitsa mawu.

“Munkagogoda apa, achemwali?”

“Ndimafuna eni ake. Amakangana posachedwapa.”

“Telala ndi mkazi wake. Zaka zitatu zapita. Denga linawagwera ali pachakudya, onse awiri. Wokugulitsaniyo anangopaka penti mbali yotsalayo.” Anamukoka dzanja. “Tiyeni mukagone kwathu. Musacheuke.”

Make Dudu sanasunthe. Kuseri kwa chitseko chokhomacho mbale zinagundana. Mpando unakokedwa, kenako wina. Madzi anathiridwa m’beseni.

“Mnzanga uja wamva, watuluka naye mwana,” anatero mkazi uja. “Sambani m’manja, bambo, zisanazizire.”

“Ndipatsire mchere,” anayankha mwamunayo. “Mtandawo ndiuona mawa.”