Phwete la Munthu Wachitatu

Telala ndi mlamu wake, mlongo wa mwamuna wake, ankati akatseka shopu madzulo, ankaimika foni pa makina osokera n'kuyamba kujambula timasewero toseketsa. Mlamuyo ankavala jekete la kasitomala n'kusanduka bwana wovuta. Telala ankakhala mkazi wolongolola. Oonera pa intaneti sankapitirira makumi atatu, theka lake achibale.

Tsiku lina mlamu atapita, telala anatsala yekha akudula kanema pafoni, zomvetsera zili m'makutu. Pamene bwana uja anaphonya mpando n'kugwa chagada, panamveka kuseka. Kuseka kwa mwamuna wachikulire, kwa besi, kothera ndi kachifuwa.

Anatembenuka. Madiresi ali lende pa waya. Chitseko chokhoma.

Anadula malowo. Pobwereza, kuseka kuja kunali pomwepo. Anadulanso. Ulendo uno kunamveka pafupi, ngati munthuyo waweramira paphewa pake. Komatu kusekako kunali kokoma, kopatsirana, moti naye anangozindikira mapewa akugwedezeka. Anamutumiza choncho kanemayo pa intaneti, n'kuliyatsa liwiro osazimitsa nyale.

Kutacha, oonera anali zikwi zisanu ndi zitatu. Aliyense ankalemba zofanana: "Bambo akusekawo andithyola nthiti!"

"Mlamu, mwabisa mwamuna muno eti?" anafunsa mlamu uja atafika.

"Mwamuna wake uti? Achimwene anu anasiya kuseka tsiku la ukwati."

Mlamuyo atamvetsera yekha, anakhala pansi.

"Tifufute," anatero.

"Tifufute mwayi? Ayi, mayi."

Madzulo anajambula sewero lina. Podula anakhala awiri, aliyense chomvetsera chimodzi. Sewero linafika kumapeto. Kuli zii. Kenaka m'zomvetseramo wina anatsonya.

"Iii, lero sanatikonde," ananong'ona mlamu.

"Akunena zoona. Sizikuseketsa izi."

Anabwereza. Zii. Anabwerezanso, mlamu atavala jekete lija chakumbuyo. Apo phwete linaphulika, koma osati m'foni. Linachokera kuseri kwa madiresi, ndipo diresi limodzi linkagwedezeka ngati mimba ya munthu. Awiriwo anapanikizana pakhomo, nsapato m'manja, akukuwa uku akuseka mpaka misozi. Kanema ameneyo anamuonera anthu ochuluka kuposa woyamba.

Nkhani inawanda. Mayi wogulitsa makala pafupipo ndiye ananong'oneza anthu kuti kale m'chipindamo munkagona mlonda wina wokalamba, wopanda m'bale, wokonda nthabwala koma wosowa woseka naye. Akuti anamupeza m'mawa wina atauma, wailesi ikulira pachifuwa, nkhope ikumwetulira.

Telala atamva, anangosoka tsiku lonse.

Madzulo anapukuta kampando n'kukaika pakona. Mlamu wake anaimika foni, n'kuima pakati pa chipinda, wokonzeka kuyamba.

"Sunthani pang'ono, mlamu," anatero telala. "Mukuwatchinga achikulire."